Mutu 7: Estere Apeta Fumbi la m'Shedi

1. Denga lonyezimira

Kwathu kuno ku chigwa cha Shire, kalelo, ukafuna kuti munthu aiwale nzeru zake unkangomuonetsa denga la malata. Ngakhale akuluakulu a imvi zawo ankayenda maso ali m'mwamba, osaona pomwe akuponda. M'chaka cha 1921 nyumba za malata m'dera la Tengani zinali zowerengeka, ndipo yaikulu mwa zonse inali shedi ya kampani ina ya thonje pa doko la Nyangoma.

Kale m'shedimo munkasungidwa thonje, ndipo amtengatenga ankagona momwemo podikira sitima zapamadzi. Koma madzi a Shire atachepa, njanji n'kulanda katundu yense, kampaniyo inachotsa sikelo yake n'kupita nayo ku tauni ya Poti. Inangosiya kapitawo wake, a Sebastiano Alfazema, kuti aziyang'anira. Kwa zaka zitatu shediyo inangokhala, ikunyezimira padzuwa.

Chaka chimenecho sukulu ya pa Nyangoma inapatsidwa ulemu wolandira msonkhano wa masukulu. Masukulu asanu ndi imodzi a m'midzi, ena ochokera kutali ngati ku Makhanga, ankayenera kukumana kuti ana ayesedwe kuwerenga, masamu ndi nyimbo. Ana makumi asanu ndi limodzi kudza anayi ankayenera kugona pa Nyangoma masiku awiri.

Musaganize kuti makolo anavomera mosavuta. Masiku amenewo ambiri sankaikhulupirira sukulu. Aphunzitsi anayenda khomo ndi khomo kulonjeza kuti mwana aliyense adzabwerera kwawo ali bwino. Aliyense ankadziwa kuti mwana mmodzi yekha akabwerera akudwala, masukulu onsewo atsala ndi aphunzitsi okhaokha.

Choncho a Sebastiano atanena kuti ana agone m'shedi ya malata, ulere, mphunzitsi wa pa Nyangoma, a Gideon Kampira, anatsala pang'ono kuvina. Tsiku lomwelo analemba makalata kumasukulu onse. M'kalata iliyonse mawu oti "malata" anawalemba ndi zilembo zikuluzikulu.

2. Ntchito yowerenga mphasa

Estere Lazaro anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anali monitala, ndiye kuti wophunzira wamkulu wothandiza kuphunzitsa ana aang'ono. Anali wochepa thupi ndi wa mawu apansipansi, koma mafunso ake ankatopetsa, moti amayi a kudoko anamupatsa dzina loti Chifukwachiyani.

Kutatsala masiku asanu kuti msonkhano uyambe, a Gideon anamutenga kupita kushedi. Ntchito yake inali yaing'ono: kuyeza kuti mulowa mphasa zingati.

A Sebastiano anawalandira atavala jekete yoyera ndi nsapato zazitali, ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. Anali munthu wa kutsidya la Shire, woyankhula Chimang'anja chosakaniza ndi Chisena, ndipo ulemu wake ankaukonda kwambiri.

"Taonani denga ili, Aphunzitsi," anatero akuloza m'mwamba ndi ndodo. "Pyadidi, zabwino zedi, kapena ayi? Ngakhale ku Poti simupeza lotere. Ana akagona muno akasimba mpaka kukalamba."

A Gideon anayang'ana m'mwamba n'kumangogwedeza mutu. Estere, popeza mphasa siziyalidwa kudenga, ankayang'ana pansi.

Pobwera anali ataona kale mafuwa ndi milu ya phulusa panja, kutali ndi khoma, pamtetete popanda mthunzi. Phulusa lina linali la dzulodzulo. Chitseko cha shedi chinali chongomanga ndi kawaya, choti ngakhale mwana akanamasula.

Chitsekocho chitangotsegulidwa, nkhuku za a Sebastiano zinathamangira m'kati ngati zaitanidwa. Sizinapite pakati. Zonse zinandanda m'mphepete mwa khoma, kumapalasa fumbi ndi kujompha mwachangu.

"Pepani Akapitawo," anatero Estere atagwada, "amene amakoleza moto panja paja ndani?"

"Apaulendo odikira bwato."

"Chifukwa chiyani salowa kugona muno?"

"Nkhabe, ayi, mwana iwe, amenewo ndi anthu osazolowera zabwino. Taona nsanamira izi, zonse ndi mitengo ya tsanya."

"Nanga womaliza kugona muno anali ndani?"

A Sebastiano anayankha kuti malatawo anachokera ku doko la Chinde pa sitima. A Gideon anamuyang'ana Estere ndi diso loti basi zakwana, ndipo iye anabwerera ku ntchito yake. Anapeza kuti mulowa mphasa makumi atatu. Anaonanso kuti nthawi yonseyi Akapitawo sanadutse pakhomo kulowa m'kati, ndipo mipando ya alendo anaiika panja.

3. Mawu a a Lazaro

Madzulo a tsikulo, dzuwa lidakalipo, Estere anapeza bambo ake akuluka mono wophera nsomba kuseri kwa nyumba. A Lazaro anali munthu wanthabwala, wa diso limodzi, amene anasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya Ajeremani. Mwana wawo atawasimbira za phulusa ndi nkhuku, nthabwala zinatha. Anaika mono pansi.

"Khala apa, Estere. Anthu a pano amati nkhondo inandilowa m'mutu. Ndikangoyamba kuyankhula, aliyense amakumbukira kuti wasiya mbuzi m'munda mwa eni. Koma iwe wafunsa wekha, ndiye umva.

"Ine ndagona m'zigono zambiri kuposa tsitsi latsala pamutu pangapa. Tinaphunzira kusankha pogona, chifukwa amene sanaphunzire tinawakwirira m'njira. Usamafunse mwini malo ngati malo ake ndi abwino. Ukufuna ayankhe chiyani? Yang'ana amene anafikapo iwe usanafike. Wapaulendo ndi munthu wotopa, sakana denga popanda chifukwa. Ukaona wagona pamphepo, nyumba ili pomwepo yosakhoma, dziwa kuti wina anamunong'oneza kanthu.

"Ukafunsa za pansi munthu n'kumakuyankha za denga, bwerezanso funso lako. Akakupatsa malo aakulu ulere, thokoza, koma ufunse mumtima kuti ena onse awasiyiranji. Ndipo usamapite kukaona malo pa nthawi imene mwini wake wasankha yokha. Upitenso pa nthawi yako, ugwade, uone zimene munthu woimirira saona. Amene akagone pamenepo sakagona choimirira.

"Tsono nkhuku zija. M'shedi mopanda mapira zaka zitatu, zikujompha chiyani? Ine ndikuopa nkhufi, mwana wanga."

"Nkhufi n'chiyani, Baba?"

"Kachilombo konga nkhupakupa ya ng'ombe, koma sikamatirira pathupi. N'kotuwa ngati dothi, kophwatalala. Masana kamabisala m'fumbi la m'mphepete mwa khoma ndi m'ming'alu. Anthu akagona kamatuluka, kuyamwa, n'kubwerera. M'mawa ungoona kadontho kofiira, n'kumati ndi udzudzu. Pakatha sabata, malungo aja afika. Amakugwetsa masiku atatu n'kukusiya. Iwe n'kumati ndachira, n'kutenga khasu. Abweranso. Ine anandibwerera kasanu, ndipo diso ili linazima ulendo wachinayi. Mnzanga Goodwell wa ku Ndamera, chimphona chosenza mabokosi awiri pamutu, sanafike ulendo wachitatu. Ngati inagwetsa Goodwell, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri imuchita chiyani?"

"Koma Baba, m'shedimo simunagone munthu zaka zitatu. Sizinafe ndi njala?"

"Apo ndi pamene amalakwira onse. Nkhufi imadziwa kudikira. Tinalowapo m'chigono china chimene udzu unali utamera pakhomo kufika m'chiuno. Tinati muno mwayera. Tinatulukamo anthu makumi awiri, ndipo khumi ndi mmodzi anagwa.

"Koma tamvera bwino. Ine m'shedi imeneyo sindinalowemo, ndipo iwe nkhufi sunaione. Usakaipitse dzina la malo a munthu ndi nkhani ya nkhuku ndi phulusa. Pita ukaone ndi maso ako. Ukapeza mulibe, ukasese bwinobwino n'kutseka pakamwa, ine ndikhale nkhalamba yamantha. Ukapeza zilimo, usadikire kuti wina anene m'malo mwako, chifukwa sadzapezeka."

"Ndikaziona bwanji, poti zikufanana ndi dothi?"

A Lazaro anakanda pamutu. "Ife tinkafukula ndi kamtengo, koma zinkatipulumuka. Pamenepo ndiye nzeru zanga zathera."

4. Lichero la amayi

M'mawa mwake Estere anatenga lichero lakale la amayi ake ndi phale la mphika wosweka. Anthu amene anakumana naye m'njira anaseka, poti kudoko kunalibe mapira oti apete.

Atafika kushedi anamasula kawaya, nalowa. Anagwada m'mphepete mwa khoma, natapa fumbi ndi phale lija mpaka lichero linadzaza theka. Kenako anatuluka panja, anatembenukira komwe kunkapita mphepo, n'kuyamba kupeta monga amachitira ndi mchewere.

Fumbi linauluka. Munatsala timiyala, makoko a njere za thonje, ndi tinthu tina totuwa, tophwatalala, tisanu ndi tinayi. Sitinkagwedezeka. Estere anaweramira kuti auzire mungu wotsala, monga amachitira aliyense wopeta. Mpweya wake utangofika, kamodzi kanatambasula miyendo.

Estere anatapanso mbali ina ya khoma, zinalimo. Anatapa kumapeto kwenikweni, kumene anakonza zoti kugone ana aang'ono a m'kalasi mwake, ndipo kumeneko ndiye zinali zochuluka. Anavundikira lichero ndi nsalu, anasasa zovala zake bwinobwino, n'kuthamangira kwa aphunzitsi.

A Gideon anayang'ana m'licheromo nthawi yaitali. Sanali munthu woipa. Anali munthu woti walemba makalata asanu ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo kwatsala masiku anayi.

"Wauzako ndani?" anafunsa.

"Inu nokha, Aphunzitsi."

"Wachita bwino. Tamvera, Estere. Tithira madzi otentha, tizira ndi dothi latsopano, zitha."

"Ming'alu ya m'khoma ndi yakuya, Aphunzitsi. Ndinalowetsa bango lonse osafika pothera. Madzi sangafikeko."

"Ndi masiku awiri okha! Abusa akubwera kuchokera ku misheni. Aphunzitsi anzanga auza kale makolo za malata. Tsono ndikawagoneke kuti ana onsewa, m'khola? Ndipo a Sebastiano tikawachititsa manyazi, pano sitikhalanso mwamtendere. Ukhale chete mpaka msonkhano uthe. Monitala wochititsa manyazi mphunzitsi wake sakhalitsa pantchito, zimenezo ukuzidziwa."

Estere ankazidziwa, ndipo ntchitoyo ankaikonda kuposa china chilichonse. Anachita mantha kwambiri. Koma anayankha ali chigwadire, ndi mawu ake apansipansi aja.

"Aphunzitsi, khomo ndi khomo munkayenda ndi ine. Pamene munkalonjeza makolo aja, inenso ndinkagwedeza mutu. Mundikhululukire, sindikhala chete."

5. Pamaso pa anthu

Masana a tsiku lomwelo amayi a mumpingo anasonkhana pashedi ndi matsache awo. Akulu a mpingo analiponso, chifukwa a Sebastiano anafuna kupereka shediyo mwamwambo, ndi mawu. Anayankhula za kukoma mtima kwawo kwa nthawi ndithu, anthu n'kumaomba m'manja.

Atamaliza, Estere anayenda chokwawa mpaka pakati, anaomba m'manja katatu, n'kupempha mwayi woyankhula. A Gideon anayang'ana kumtsinje.

"Akuluakulu, ine ndine mwana, ndipo Akapitawo atichitira chifundo chachikulu. Koma m'shedi muno simungagone ana. Muli nkhufi."

Kenako a Sebastiano anamenya ndodo pansi.

"Nkhabe! Mwana wa Lazaro wamisala uja ndiye andiphunzitse za shedi yanga? Dzulo lomweli amayamwa! Aphunzitsi, kodi ndi ulemu umenewu mumaphunzitsa kusukulu kwanuko?"

Estere analowa m'shedi, natapa fumbi anthu onse akuona, kuti wina asadzati anabwera nazo kuchokera kwawo. Anatuluka n'kuyamba kupeta. Fumbi litatha, anaika lichero pansi pamaso pa akulu.

A Sebastiano anasuzumira, n'kuseka mokweza. "Makoko awa! Zinalipo kale, ande, sindikana. Koma zaka zitatu popanda magazi, chamoyo n'chiti chingapirire? Zakufa izi, zouma!"

Ena mwa akulu anayamba kuvomereza. Pamenepo Estere anatembenukira kwa mai Clotilda, mtsogoleri wa amayi, amene ana awo awiri amapasa ankayenera kugona m'shedimo pamodzi ndi alendo.

"Mai, m'licheromu mwatsala mungu pang'ono. Tauzirani inuyo."

Mai Clotilda anagwada, naweramira m'lichero, nauzira. Kamodzi kanatambasula miyendo. Kenako kena, kenakonso. Posakhalitsa zonse zinali kuyenda, kulunjika kumene kunkachokera mpweya wofundawo. Mayiwo analumpha chambuyo n'kukuwa, ndipo amayi onse anataya matsache.

A Sebastiano anasiya kuseka. Nkhope yawo inagwa, ndipo anthu anaona kuti munthuyo sankanama dala. Anali atadzinyengerera yekha kuti nthawi yamugwirira ntchito. Anatembenuka osatsanzika n'kulowa m'nyumba mwawo.

Mai Clotilda atapezanso mpweya anaima pamaso pa a Gideon, manja ali m'chiuno.

"Aphunzitsi, ndinu ophunzira, ife sitidziwa ngakhale chilembo chimodzi. Koma mundimvere. Pamene munabwera pakhomo panga, amuna anga anakana. Ndinawaumiriza ndine. Ndinati munthu uyu amawerenga buku la Mulungu, sangataye ana athu. Amayi a ku Makhanga sanaione shedi iyi. Akutumiza ana awo pa bwato chifukwa cha mawu anu okha. Munthu akakusungitsa mwana, wakusungitsa chinthu chimene sungabweze china m'malo mwake. Munafuna kuti alendo atitame, ifenso tinafuna. Koma manyazi ogona m'msasa amatha sabata imodzi, pomwe mayi wolira mwana sangakukhululukireni mpaka imfa. Mawa mukapatsidwanso malo, mudzayambe mwagona inuyo, kenako mudzaitane ana a eni."

A Gideon anavula chipewa. "Mwanena zoona, mai. Ndinauzidwa m'mawa, ndipo ndinafuna kubisa. Koma tsopano ndiwagoneka kuti?"

"Bango latha m'Shire? Milaza yatha m'tchire? Ife tonse tinabadwira m'nyumba za udzu, ndipo tili moyo. Mwanayu asankhe malo, ife timanga."

6. Misasa ya pansi pa nsangu

Kusankha malo sikunali kophweka, chifukwa tsopano aliyense anasanduka katswiri.

Akulu a mpingo anafuna pansi pa mvunguti waukulu wa pafupi ndi tchalitchi, poti mthunzi wake unali wabwino. Estere anawaonetsa zipatso zake zolendewera, zolemera ngati mwana wakhanda, ndi maenje amene zina zinakumba pogwa. Akuluwo anagwira pamutu, n'kusuntha.

Anyamata anafuna pamchenga wa m'mbali mwa mtsinje, poti panali posalala. Estere anayenda nawo mpaka anapeza mapazi a mvuu, njira yake yodutsa pakati penipeni popita kukadya m'madimba. Nkhaniyo inathera pomwepo.

Pomaliza anasankha kamtunda ka kuseri kwa sukulu, pansi pa mitengo ya nsangu, imene imakhala ndi masamba m'chilimwe mitengo ina itayoyola. Anafunsa okalamba ngati panakhalapo nyumba kapena manda, anati ayi. Anayang'ana m'nthambi ngati muli njuchi. Anatsata nyerere kuti aone ngati pali linthumbu. Anayenda ndi mtsuko kupita kumadzi ndi kubwerera, kuti adziwe ngati mwana angathe mtundawo. Anapetanso fumbi la pamenepo, ndipo m'lichero munangotsala ndowe za mbuzi. Amayi anaseka mpaka misozi.

Masiku atatu otsatirawo mudzi wonse unali pa kamtundako. Amuna anadula mitengo, amayi anasenza bango, ana anakoka milaza. Anatentha udzu pansi kuti payere, n'kumanga misasa inayi yaitali, iwiri ya anyamata, iwiri ya atsikana. A Lazaro anamanga nawo, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu anamvetsera nkhani zawo za kunkhondo mpaka kumapeto. A Gideon anagwira ntchito kuposa onse, manja mpaka matuza.

Alendo atafika, mphunzitsi wa ku Makhanga anayang'ana misasa ija n'kutulutsa kalata m'thumba.

"Akulu, malata a zilembo zikuluzikulu aja ndi amenewa? Kapena kuno bango mumalitcha malata?"

Anthu anaseka, ndipo kuseka kwake kunawawa. Koma pa tsiku lotsekera, ana atatha kuimba ndi kuwerenga, a Gideon anaimirira pamaso pa abusa ndi makolo onse.

"Ndinakulonjezani malata, ndakupatsani udzu," anatero. "Ndinasankha malo ndi maso a munthu wofuna kutamidwa. Amene anasankha ndi maso a munthu wosunga ana ndi uyu." Anamuimiritsa Estere, nasimba nkhani yonse osabisa mbali yawo.

Amayi a pa Nyangoma analulutira mpaka mbalame zinathawa m'nsangu. Kunena zoona, tsiku limenelo mudzi wonse unayenda monyada, ngati kuti aliyense ndiye anapeta fumbi lija. A Lazaro anapukuta diso lawo limodzi lija n'kunamizira utsi.

7. Lolemba m'mawa

Estere yekha sanafulumire kusangalala. Ankadziwa kuti malungo a nkhufi amayamba pakatha sabata. Anapempha mphunzitsi aliyense kuti pakatha masiku khumi atumize mawu.

Mawuwo anabwera mmodzimmodzi, ena ndi asodzi, ena ndi ogulitsa mchere. Omaliza anali a ku Makhanga, pa kapepala kakang'ono. Mphunzitsi wonyoza uja analemba kuti: "Ana onse ali bwino. Bango lanu ndalipatsa ulemu."

Ana makumi asanu ndi limodzi kudza anayi anapita, ndipo onse anali kusewera m'makomo mwa amayi awo.

Lolemba lotsatira, Estere akufika pasukulu, anapeza amayi khumi atakhala pabwalo. Aliyense anali ndi kamtsikana pambali. Anali amayi a m'makomo amene a Gideon anabwezedwako chaka ndi chaka.

"Tikufuna mwana wa a Lazaro," anatero mmodzi. "Tamva kuti anakana akuluakulu chifukwa cha ana a eni. Athuwa tikusiya m'manja mwa ameneyo."

Estere anatenga sileti. Akulemba mayina a anawo, amayi onse anacheukira kunjira. A Sebastiano ankabwera, opanda jekete, opanda ndodo, atagwira dzanja la kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi. Chichokereni tsiku lija anali asanaonekenso pagulu.

Anaima patsogolo pa Estere, n'kuika dzanja la mwanayo m'dzanja lake.

"Uyu ndi Josephine. Ndili ndi yekhayu. Ndinali nditamulonjeza kuti adzagona nawo m'shedi pamodzi ndi ana a sukulu, kuti aone ulemerero wa bambo ake. Takhuta, zikomo, mwana wa a Lazaro. Umusunge."

"Ndimusunga, Akapitawo."

"Pali nkhani inanso, ndipo si yabwino. Mzungu wa kampani wafika kuchokera ku Poti. Afuna kutsegulanso msika wa thonje, koma alimi akukana kudzagona m'shedi podikira sikelo. Ndamuuza zoona, sanandimvere. Akuti akufuna aone ndi maso ake munthu amene wanunkhitsa dzina la shedi yake chigwa chonse. Ali padoko, ndipo wabwera ndi msilikali wa ku boma."

A Gideon anatenga chipewa chawo. "Ndipita ndine."

"Ayi, Aphunzitsi, waitana ine," anatero Estere. "Inu mutsale ndi anawa, angofika kumene."

Anamukhazika Josephine kutsogolo, pafupi ndi amapasa a mai Clotilda, n'kumupatsa sileti. Kenako anatuluka, nalunjika njira ya kudoko. Sanacheuke.

Akanacheuka akanaona kuti amayi khumi aja sanabwerere kwawo. Anamanga nsalu zawo m'chiuno molimba, n'kumutsatira pambuyo onse.